Dzanja Lamanzere la Mayi Kaduya

Ana anga, nonse atatu munakula mukuona bambo anu akuchoka m'mawa ndi chikwama cha zitsulo, kenaka m'zaka zam'mbuyozi ndi chikwama cha laputopu, koma sindinakhale nanu pansi kukufotokozerani zimene ndinkachita kumene ndinkapitako. Tsopano ndapuma ntchito, maso akuonabe, ndiye ndati ndilembe. Za ubwana wanga ku Manja, ndi mmene agogo anu anawolokera malire kuchokera ku Mozambique atasenza makina osokera, ndinakuuzani kale pakamwa. Pano ndiyambira tsiku limene ndinalowa ntchito.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980: sitolo ya m'tauni ya Blantyre

Ndinali ndisanakwanitse zaka makumi awiri pamene ndinalembedwa ntchito pa sitolo ina pakati pa tauni, yogulitsa mawailesi, magitala ndi malimba a m'tchalitchi. Anandilemba kuti ndizipukuta fumbi ndi kunyamula katundu. Kuseri kwa sitoloyo kunali chipinda chachitali chopanda zenera, mmene munkakhala mapiyano odikira kukonzedwa. Mwini chipindacho anali a Mulipa, bambo wamfupi wa imvi, wosakonda kulankhula, amene ankachuna mapiyano pafupifupi onse a mu Blantyre ndi Limbe. Tsiku lina ndikusesa, iwo akumenya kiyi imodzi mobwerezabwereza, ndinangozindikira pakamwa panga patuluka mawu akuti, "Yatsika pang'ono imeneyo." Anatembenuka n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Wakuuza ndani?"

"Palibe, bambo. Ikungomveka ngati ikunjenjemera."

"Ika tsachelo pansi. Bwera uime apa."

Piyano ikatsegulidwa, m'kati mumakhala mawaya ambirimbiri omangidwa zolimba, ndi tinyundo tovekedwa ubweya timene timamenya mawayawo munthu akadina kiyi. Makiyi ambiri amakhala ndi mawaya atatu, ndipo atatuwo ayenera kulira ngati mmodzi. Akasiyana ngakhale pang'ono, mawu amachita mafunde. Ntchito ya wochuna ndi kupotoza pang'onopang'ono ndi sipanala mpaka mafundewo ayambe kuchedwa, achedwe, achedwe, kenaka athe. Nthawi imene amathayo sindidziwa kuti ndingakufotokozereni bwanji. Chipinda chimakhala ngati chakula, denga lakwera, ndipo iwe waiwala kuti sunadye. Ndinakhala ndikusaka kamphindi kameneko moyo wanga wonse.

Zaka zinayi ndinayenda kumbuyo kwa a Mulipa nditanyamula chikwama. Tinkapita ku masukulu, ku matchalitchi, ku mahotela, ndi ku nyumba zikuluzikulu za ku Namiwawa ndi ku Sunnyside, kumene agalu ankatilonjera eni nyumba asanatuluke. Mwini sitolo, mmwenye wachikulire wofatsa, anasiya kunditchula Lorenso n'kuyamba kunditchula Makutu. Koma kuimba piyano a Mulipa sanandiphunzitse, pakuti nawonso sankatha. Ankadziwa tinyimbo tiwiri toyesera ntchito ikatha, basi. Ine ndinkati ndikamabwerera ku Manja wapansi, nkhungu ya chiperoni itakuta phiri la Soche, m'mutu mwanga munkalira piyano. Sizinali nyimbo zimene ndinamvapo kwinakwake. Zinkangobwera zokha, mbali yapansi ikuyenda ndi mapazi anga, mbali yapamwamba ikuuluka kutsogolo. Ndikafika kunyumba n'kuyang'ana zala zanga, zinali zala za munthu wa sipanala. Nyimbozo zinalibe potulukira.

Ntchito yoyamba imene a Mulipa anandituma ndekha inali ku Chimwankhunda, kwa Mayi Kaduya, mphunzitsi wa nyimbo pa sukulu ina ya atsikana. Piyano yawo anaigula kwa mmishoni wina amene ankabwerera kwawo, ndipo inatenga theka la pabalaza, moti alendo ankakhala atapinda miyendo. Nditamaliza kuchuna ndinalongedza zitsulo kuti ndizipita, koma iwo anandiletsa.

"Khalani pansi, a Lorenso. Mwachuna ndinu, ndiye mumve zimene mwachita."

Anatsegula buku lachikasu ndi ukalamba n'kuimba nyimbo ziwiri za akatswiri akale a ku Ulaya. Kenaka anatseka bukulo n'kuimba ina. Dzanja lamanzere linkayenda modekha ngati munthu wokwera chitunda atasenza ndowa yodzaza, osafuna kutaya dontho, pamene lamanja linkapita kutali n'kubwerera, kupita n'kubwerera. Itatha anati, "Imeneyi ndi yanga. Ilibe dzina, ndipo sindinailembe paliponse." Kenaka anayang'ana manja anga amene anali pamaondo.

"Inu mumaimba?"

"Ayi, Mayi. Ndimangochuna."

"Nanga zala zanuzo zimavina chiyani nthawi yonseyi?"

Ndinachita manyazi, ndinabisa manja m'thumba. Kuyambira pamenepo ndinkapita kwawo kawiri pachaka, mvula ikatha ndi chisanu chikatha, pakuti nyengo ikasintha matabwa amafufuma kapena kufota, ndipo mawaya amasuntha. Ulendo uliwonse ankandiimbira nyimbo yawo ija, ndipo ulendo uliwonse inkakhala itasintha pang'ono.

Zaka za m'ma 1990: kusowa, ndi kusamukira ku Limbe

Zaka zimenezi inu munali aang'ono, ndipo amayi anu ndiwo akudziwa mmene tinavutikira. Zipangizo zinasiya kubwera kuchokera kunja. Waya akaduka tinkamulumikiza ndi mfundo m'malo momusintha. Ubweya wa tinyundo ukatha, a Mulipa ankanditumiza ku kaunjika mu msika wa Limbe kukasaka zipewa zakale zaubweya, n'kumazidula timizeretimizere. Ndinaphunzira kuchotsa zisa za makoswe m'mapiyano a m'masukulu ndi kumata makiyi othyoka ndi guluu wa akalipentala. Komabe mapiyano ankangochepa. Azungu ena anapita nawo awo, ena anawasiya m'magalaja n'kuwolera momwemo. Matchalitchi anagula makibodi a magetsi, opepuka, okhala ndi ng'oma m'kati mwake, osafuna munthu wa sipanala. Sitolo inatsekedwa. A Mulipa anabwerera kwawo ku Phalombe, ndipo patsiku lotsazikana anangondiikira sipanala yawo m'manja n'kuti, "Usamabwereke munthu imeneyi," n'kukwera basi.

Ndinakhala chaka ndi theka ndikuyenda khomo ndi khomo. Amene anandipulumutsa anali a Maluwa, mnyamata wochangamuka amene anatsegula situdiyo yojambulira nyimbo ku Limbe, pamwamba pa sitolo ya matayala. Makoma ake anamatapo mathireyi a mazira kuti phokoso lisalowe, koma oitanira minibasi ankamvekabe, moti pa matepi ena a makwaya a nthawi imeneyo mukamvetsera bwino mumva munthu akuitanira ya ku Bangwe. A Maluwa anandilemba chifukwa cha makutu. Kwaya ya anthu makumi atatu ikamaimba, ine ndinkatha kuloza mayi mmodzi wa mzere wakumbuyo amene watsika. Anali bwana wopsa mtima msanga koma wosasunga chakukhosi. Ngakhale anali wamng'ono kwa ine ndi zaka khumi, ankandikalipira pamaso pa makasitomala, kenaka masana n'kundigulira tchipisi pachiwaya ngati palibe chachitika.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000: piyano ya m'kompyuta

A Maluwa anapita ku Joni n'kubwerako ndi kompyuta. Ataiyatsa anandiitana akumwetulira. "Madala, bwerani mudzaone mdani wanu." Pa sikirini panali makiyi a piyano ataimirira chakumanzere, ndipo kwina konseko kunali timabokosi ngati kope la masamu. Anagwira mausi n'kujambula kamzere kamodzi m'bokosi, n'kudina batani. M'masipika munatuluka mawu a piyano yaikulu, yoyera, yotalika mpweya, ya mtundu umene ndinali ndisanaukhudzepo ndi dzanja. Anandifotokozera kuti kunja kwina anthu anatenga piyano yeniyeni n'kujambula kiyi iliyonse payokha, mofewa ndi mwamphamvu, n'kusunga mawuwo m'makina. Iwe ukajambula kamzere pamwamba, ilira noti yapamwamba. Kamzere kakatalika, noti italika.

"Nanga amaichuna ndani?" ndinafunsa.

"Siifuna kuchuna, madala. Ngakhale chiperoni chibwere mwezi wathunthu."

Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba mtima utalemera, ndipo amayi anu ankaganiza kuti ndadwala malungo. Koma m'mawa mwake ndinafika pa situdiyo woyamba, aliyense asanafike. Ndinayatsa makinawo mmene ndinaonera, n'kujambula kamzere kamodzi, kenaka kachiwiri, kenaka kachitatu pansi pake. Kuyambira pamenepo nthawi ya nkhomaliro inali yanga. Anzanga akatsika kukadya, ine ndinkaika manoti imodziimodzi, ngati mayi wosankha mpunga. Mzere umodzi unkatha kunditengera masiku atatu. Magetsi ankathima osatsazika, ndipo kamodzi anapita ndi ntchito ya sabata yathunthu chifukwa ndinali ndisanaphunzire kusunga. Koma linafika tsiku limene ndinadina batani n'kumva, kunja kwa mutu wanga, nyimbo imene ndinkayenda nayo panjira ya ku Manja. Ndinakhala pampando osagwedezeka. Kunja minibasi zinkaliza mahutala, koma zinkamveka kutali ngati za m'tauni ina.

Nditaimvanso kachiwiri ndi kachitatu, chimwemwe chinachepa. Manoti onse anali olondola, koma ankayenda ngati asilikali pa pelete, aliyense mphamvu yofanana, aliyense pa nthawi yake yeniyeni. Ndinatha zaka ndikuphunzira kuilowetsa mpweya. Noti ina ndinkaifewetsa, ina kuikankhira kumbuyo pang'ono kwambiri, ina kuisiya ikulirabe mnzake atayamba kale. Ndinkatseka maso n'kukumbukira mapewa a Mayi Kaduya, mmene ankakwerera asanagwetse dzanja. A Maluwa akandipeza ankapukusa mutu. "Nyimbo yopanda ng'oma, yopanda woimba, agule ndani, madala? Bwerani kuno tipange za sopo." Ndipo tinkapangadi nyimbo zotsatsa malonda, za sopo, za feteleza, za mabasi, ndi kujambula makwaya osawerengeka. Koma atagula makina atsopano, anandipatsa laputopu yakale n'kuti, "Tengani, muzikalotera kwanu."

Zaka za m'ma 2010: Nancholi

Mapiyano oti ndichune anali atatsala owerengeka, ndipo kwa Mayi Kaduya panapita zaka ziwiri ndisanaitanidwe. Kenaka mwana wawo Esinati anandiimbira foni. Anati amayi ake anachita sitiroko, mbali yakumanzere inafa, ndipo anawasamutsira kwa iye ku Nancholi pamodzi ndi piyano. Tsopano akufuna ichunidwe. Ndinapita Loweruka masana. Ndinawapeza pampando pafupi ndi zenera, dzanja lamanzere lili pamiyendo ngati katundu wa munthu wina amene awasungitsa. Mawu awo ankatuluka mochedwa koma omveka. Piyano inali itatsamira khoma lachinyontho, ndipo nditatsegula thabwa lapansi ndinaona dothi la chiswe litakwera mpaka pa thabwa lalikulu limene limagwira mawaya. Ndinayesa kiyi imodzi. Inakwera bwino, koma posakhalitsa inayamba kutsika yokha.

"Nenani zoona, a Lorenso," anatero.

"Yatha, Mayi. Thabwalo silingagwirenso."

Anayang'ana kunja, kumene nkhungu inali kutsika m'mitengo ya bulugamu. "Dzanja lapita, piyano yapita. Nyimbo ija yatsala m'mutu mokha, ndipo mutuwu sindikuudalira."

Ndipamene ndinawauza za kompyuta. Ndinati noti iliyonse ikugwirabe kamphindi isanatsike, ndiye ndikhoza kuichuna, kuijambula msanga, n'kupita pa ina, mpaka piyano yonse ilowe m'makina ndi mawu ake enieni. Sanakhulupirire, koma anavomera. A Maluwa anandibwereka maikolofoni monyinyirika. Tinatha Maloweruka anayi. Esinati ankapempha aneba kuti atsitse mawailesi, n'kutsekera nkhuku kuseri. Ine ndinkapotoza sipanala mpaka mafunde athe, n'kudina kiyi mofewa, n'kudikira mawu azimiririke okha, kenaka mwamphamvu, n'kudikiranso. M'nyumba monse munkakhala zii, tonse tikumvetsera noti imodzi ikupita kutali mpaka osadziwa ngati ikumvekabe kapena tikungoiganizira. Mayi Kaduya ankatseka maso, ndipo nthawi zina ankanena chapansipansi dzina la mtsikana wina amene anamuphunzitsa pa kiyi imeneyo.

Titamaliza ndinabweretsa kibodi n'kuilumikiza ku laputopu. Atadina kiyi n'kumva mawu a piyano yawo yomwe, ndi kakusasa kake ka m'munsi, anachotsa dzanja msanga ngati agwira mbale yotentha, kenaka anaseka. Tinayamba ntchito. Mbali ya dzanja lamanzere ankandiimbira ndi pakamwa, do, so, mi, ine n'kumajambula timizere. Mbali ya dzanja lamanja ankaimba okha pa kibodi, kompyuta n'kumalemba zonse zimene zala zawo zachita.

Apa ndipamene ndinalakwa. Dzanja lamanja nalo linali litafooka. Chala chinkaterereka n'kugunda makiyi awiri, manoti ena ankachedwa, ena osamveka n'komwe. Iwo mwina sankamva bwino zonsezi ali mkati moimba. Lolemba pa nkhomaliro ndinatsegula laputopu n'kuona timizere tawo titapotoka, ndipo ndinayamba kutiwongola. Sindinaganize kuti ndikunama. Moyo wanga wonse ndinali munthu wowongola zopotoka. Loweruka lotsatira nditawaseweretsa, anamvetsera mpaka kumapeto, misozi ikutsika mbali imodzi ya nkhope.

"Esinati, tabwera udzamve. Dzanja langa likubwerera."

Pamenepo ndinayenera kulankhula, koma ndinawerama n'kumakonza nthambo zimene zinali bwinobwino. Zinapitirira choncho miyezi iwiri. Iwo ankaimba Loweruka, ine ndinkakonza Lolemba. Anayamba kudya bwino, kuvala mpango watsopano ndikamabwera, ndipo Esinati ankandithokoza pakhomo pondiperekeza. Kenaka tsiku lina anandilandira ndi nkhani. Mdzukulu wawo Tadala, mwana wa Esinati, ankakwatiwa, ndipo iwo anali atatsimikiza kuti adzaimba nyimbo ija m'tchalitchi, pamaso pa anthu, dzanja lamanja iwo, lamanzere makina. Abusa anali atavomera kale. Amayi ambiri amene anawaphunzitsa ali atsikana anali atamva, ndipo ankati adzabwera.

Sabata imeneyo sindinagwire ntchito bwino, mpaka a Maluwa anandifunsa. Nditawafotokozera anaseka. "Vuto lili pati, madala? Patsikulo mudzazimitse mawu a kibodi yawo, muike zimene munakonza zija. Iwo azidzangoyendetsa zala. Oimba angati amene amatero pa siteji? Gogoyo adzasangalala, anthu adzasangalala." Ndikuuzeni zoona, ana anga, maganizo amenewo anandikoka kwambiri. Zinali zotheka, ndipo palibe akanadziwa. Ndinkaona kale nkhope yawo ikuwala m'tchalitchimo. Koma ndinkaonanso mayi amene kwa zaka makumi atatu ankandikhazika pansi ngati munthu, ine wa chikwama cha zitsulo, akuyendetsa zala pa makiyi osalankhula, ine n'kumadziwa. Nditawauza amayi anu, anapitiriza kusita malaya anga kwa kanthawi, kenaka anangoti, "Mayi amenewo ndi odwala, koma si mwana."

Loweruka ndinapita. Ndinapempha Esinati kuti atisiye awiri. Ndinati, "Mayi, ndikufuna mumve zinthu ziwiri." Ndinaseweretsa zimene ndinakonza, kenaka zimene zala zawo zinachitadi. Yachiwiriyo isanafike pakati anakweza dzanja kuti ndizimitse.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku loyamba, Mayi."

"Ndiye pamene ndinkaitana mwana wanga kuti adzamve, inu munali pomwepo mukudziwa."

"Ndinali pomwepo."

Sanakweze mawu. Anayang'ana dzanja lawo lamanja, kulitembenuza uku ndi uku. Kenaka anati, "Longedzani zinthu zanu, a Lorenso." Ndinalongedza. Ndinatsika msewu wa Nancholi kibodi ili paphewa, kamvula kowaza kakugwa, ndipo minibasi zitatu zinandidutsa ndisanakumbuke kuimitsa. M'mutu mwanga munali zii, koyamba chiyambire unyamata wanga.

Panapita masabata asanu. Esinati anandiuza pa foni kuti amayi ake sakufuna kumva za ukwati kapena za nyimbo, ndipo abwerera kumangokhala pazenera. Ndinadziimba mlandu tsiku ndi tsiku. Ndinkati mwina a Maluwa ankanena zoona, mwina ndawalanda chinthu chomaliza chimene chinkawadzutsa m'mawa, kuti mtima wanga ine upepuke. Mpaka lero sindinganene motsimikiza kuti maganizo amenewo anali opanda pake. Koma m'sabata yachisanu ndi chimodzi foni inalira, ndipo anali iwo eni.

"Mubwere Loweruka. Mudzandionetse mmene munkachitira."

Ndinawaikira laputopu pa tebulo, Esinati n'kuwaveka magalasi. Ndinawaonetsa timizere tawo topotoka, ndi tanga towongoka pambali pake. Anayang'ana nthawi yaitali ngati mphunzitsi wochonga mayeso, n'kuyamba kuloza ndi chala.

"Apa ndinaphonya, munachita bwino kuchotsa. Apanso. Koma apa bwezerani. Noti imeneyi sinachedwe chifukwa cha matenda. Ndimaichedwetsa dala, chiyambire ndili mtsikana. Inu munaiwongola, ndiye nyimbo yonse inasowa popumira."

Ndinaibwezera, ndipo titamvetsera ndinazindikira kuti ankanena zoona. Kenaka anati, "Dzanja ili silibwerera. Ndiye nyimbo ndi imene isinthe." Masabata otsalawo anaiphwanya n'kuimanganso. Pamene panali manoti asanu ndi atatu othamanga anasiyapo atatu. Pamene chala chinkafunika kudumpha kutali, anapereka notiyo ku dzanja lamanzere, kutanthauza kwa ine. Nyimbo inachepa, koma inazama. Vuto limene linatsala linali lakuti makina sadikira munthu. Iwo akachedwa, kompyuta inkangopitirira. Ndinasakasaka mpaka ndinapeza njira yoti isamayende yokha, koma izitulutsa noti yotsatira pokhapokha ine ndikadina batani. Choncho ndinayenera kuphunzira kupuma pamodzi ndi iwo, kuyang'ana phewa lawo, kudziwa pamene dzanja ligwere lisanagwe.

"Mwathamanga," ankatero. "Ndidikireni. Dzanja lamanzere ntchito yake ndi kudikira."

Ukwati unali m'mawa wa Loweruka la mwezi wa chisanu, tchalitchi chitadzaza mpaka ena kuima m'mawindo. Akwati atamaliza malumbiro, Esinati anakankha njinga ya olumala ya amayi ake mpaka kutsogolo pamene panali kibodi. Ine ndinakhala pa kampando kafupi kumanzere kwawo, laputopu pamaondo, chala pa batani. Anatenga maikolofoni n'kunena mochedwa kuti, "Ndili ndi dzanja limodzi. Linalo andibwereka a Lorenso awa." Anthu anaseka pang'ono. Phewa lawo linakwera, ine ndinadina, ndipo m'tchalitchimo munadzaza mawu akuya a piyano ya ku Chimwankhunda, imene panthawiyo inali itagona kale kuseri kwa nyumba, yopanda mawaya. Dzuwa linkalowa pa mawindo apamwamba, fumbi likuyandama m'kuwalako, ndipo ndinaiwala anthu, ndinaiwala makina. Chapakati chala chawo chinaterereka n'kugunda kiyi yolakwika. Anaima. Inenso ndinaima, chala m'mwamba. Noti yanga yomaliza inkalirabe, ikucheperachepera, ndipo tchalitchi chonse chinadikira nafe. Kenaka anapeza kiyi yawo, n'kuidina mofatsa, ndipo tinapitirira limodzi mpaka kumapeto.

Poyamba palibe anaomba m'manja. Kenaka mayi wina kumbuyo anayamba nthungululu, ena n'kulandira. Tadala anabwera ndi diresi lake loyera n'kugwada pambali pa njinga. Mayi Kaduya anamusisita kumutu, kenaka anapendekera kwa ine osandiyang'ana.

"Pa mzere wachitatu munathamangabe."

"Pepani, Mayi."

"Koma pamene ndinagwa paja munandidikira. Zikomo."

Anamwalira chaka chotsatira, mvula itangoyamba. Ine ndinagwirabe kwa a Maluwa zaka zina zinayi, mpaka khutu lakumanja litayamba kulira lokha, ndipo ndinaona kuti ndi bwino kuchoka ndisanayambe kuloza oimba osalakwa. Masiku ano ndimakhala pakhonde m'mawa, laputopu patebulo, ndikuika manoti anga imodziimodzi. Ndimagwiritsa ntchito piyano ya Mayi Kaduya ija. Yakunja yosalala ija ilipo, koma ndinasiya kuitsegula.

Tsiku la ukwati Esinati anaika foni pa benchi yakutsogolo n'kujambula zonse, ndipo kompyuta nayo inalemba chilichonse chimene zala zawo zinachita. Zonsezo zili mu laputopu yakuda, m'foda ya dzina lawo, ndipo zina ndinapatsa Tadala. Makinawa akadzakalamba, mudzazisamutsire kwina kuti zisatayike. Mukadzatsegula mudzaona kamzere kamodzi chapakati kali pamalo polakwika, ndipo kutsogolo kwake kuli mpata waukulu wopanda kanthu. Ndikudziwa kuti mmodzi wa inu amadziwa makompyuta kuposa ine, ndipo dzanja lidzamuyabwa. Musadzakonze.